Pansi pa mwala wa mu Likhubula: tizilombo tomwe timaulula thanzi la mtsinje

Mukadzapita ku Dziwe la Nkhalamba ku Mulanje, musadzathamangire kudumphira m'madzi. Mudzayambe mwapita pomwe madzi a Likhubula akuthamanga pakati pa miyala, posazama, pongolekeza m'mawondo, n'kutola mwala umodzi waukulu ngati papaya. Muutembenuze msanga. Poyamba mudzaona ngati ndi mwala chabe wonyowa, koma mukadikira pang'ono kunsi kwake kudzayamba kuyenda. Kanthu kaphwatalala ka michira itatu kadzathawira m'mphepete chammbalichammbali ngati nkhanu. Kena ka michira iwiri, kokulirapo, kadzayenda monyada ngati mwini malo. Timachubu ta mchenga tomatirira pamwalapo, tomwe mumayesa zinyalala, tidzatulutsa mitu ndi miyendo. Mwala umodzi wokhawo ukhoza kusunga mitundu ingapo ya zamoyo, ndipo kwa munthu wodziwa kuziwerenga, zamoyo zimenezi zimanena za madziwo zinthu zomwe maso sangaone.

Ambirife timangoti tizilombo, basi. Tili ndi mayina a tomwe timatiluma kapena tomwe timadya: udzudzu, misundu, nkhanu, nkhungu za kunyanja zomwe anthu a ku Nkhata Bay ndi Likoma amaumba n'kudyera nsima. Tombolombo naye tinamupatsa dzina chifukwa amaonekera. Koma chinthu chosaluma, chosadyedwa, chokhala pansi pa mwala moyo wake wonse, sichipatsidwa dzina msanga. Choncho m'nkhani ino mundilole ndibwereke mayina omwe akatswiri amagwiritsa ntchito. Ka michira itatu kaja ndi mwana wa mayfly. Ka michira iwiri ndi mwana wa stonefly. Womanga nyumba ya mchenga uja ndi mphutsi ya caddisfly. Magulu atatuwa ndi omwe ofufuza madzi padziko lonse amayamba kufunafuna akafika pamtsinje, ndipo amawatchula mwachidule kuti EPT, kuchokera ku mayina awo a sayansi: Ephemeroptera, Plecoptera ndi Trichoptera.

Chofunika kumvetsa poyamba n'chakuti tizilombo timeneti ndi ta m'madzi kwenikweni, ngakhale timadzauluka. Tombolombo amene mumamuona akuwuluka pamwamba pa dziwe ali kumapeto kwa moyo wake. Asanamere mapiko anakhala miyezi yambiri pansi pa madzi, wopanda maonekedwe, akubisala mumchenga kapena m'masamba, n'kumagwira tinzake ndi mlomo wapansi womwe umatambasuka ngati dzanja. Mayfly ndiye amachita kunyanyira. Amatha miyezi m'madzi akudya ndere, koma akatuluka ndi mapiko alibe n'kamwa yodyera yomwe. Amakhala maola ochepa, mwina tsiku limodzi kapena awiri, kukwerana, kuikira mazira m'madzi momwemo, n'kufa. Ndiye kuti chilichonse chomwe chachitika mumtsinje m'miyezi yonseyo, chabwino kapena choipa, chamupeza ali momwemo. Nsomba ikhoza kuthawira kumunsi madzi akaipa. Kachilombo ka pansi pa mwala sikapita patali.

Nkhani yagona pa mpweya

Mtsinje wa m'phiri uli ndi chuma chimodzi chomwe mtsinje wa m'chigwa ulibe chochuluka, ndicho okosijeni wosungunuka m'madzi. Madzi ozizira amasunga okosijeni wambiri kuposa ofunda. Pamalo otsika ngati m'mphepete mwa nyanja yamchere, madzi a madigiri 10 amatha kusunga pafupifupi mamiligalamu 11 pa lita imodzi, a madigiri 20 amasunga 9, ndipo akafika madigiri 30 amatsika kufika cha pa 7 ndi theka. Pamwamba pa phiri mpweya ndi wopepuka, choncho manambalawa amatsikako ndithu, koma kuzizira ndi mathithi zimabwezera. Madzi akamagwa pamiyala n'kumachita thovu amakhala akudzaza mpweya watsopano nthawi zonse. Phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limatulutsa mitsinje yotere mbali zonse: Likhubula, Lichenya, Ruo, Thuchila, Phalombe, Sombani, Muloza.

Tizilombo ta EPT tinazolowera moyo wa mwanaalirenji umenewu. Mayfly amapumira m'tiziwalo topyapyala tonga masamba tomwe tandandalika m'mbali mwa mimba yake. Stonefly ali ndi tiziwalo tonga ubweya pomwe miyendo imalumikizana ndi thupi, ndipo amadalira kuti madzi othamanga azimubweretsera mpweya osaleka. Mukamuika m'beseni la madzi odikha, posakhalitsa mudzamuona akudzikweza n'kudzitsitsa pamiyendo yake ngati msilikali pa maphunziro a m'mawa. Sakusewera ayi, akuyesa kuyendetsa madzi pathupi pake chifukwa akubanika. Kachilombo kotere madzi akangofunda pang'ono, kapena okosijeni akachepa kwa usiku umodzi wokha, kamafa.

Matupi awo amasonyezanso malo omwe amakhala. Mayfly wa banja la Heptageniidae ndi wophwatalala moti madzi amangodutsa pamsana pake osamukokolola. Mphutsi za banja la Blephariceridae zimakhala pamwala weniweni wa mathithi, pomwe munthu sangaimepo, zitadzimata ndi tizikho tisanu ndi kamodzi ta kumimba. Caddisfly amatulutsa ulusi m'kamwa mwake n'kumatira timiyala, mchenga kapena tizidutswa ta masamba kukhala nyumba yoyenda nayo, pamene abale ake a banja la Hydropsychidae samanga nyumba yoyenda nayo koma amatchera kaukonde pakati pa miyala n'kumadya zomwe madzi abweretsa, ngati msodzi wa mono. Tikumbu ta banja la Elmidae sititulukira n'komwe pamwamba kukapuma. Thupi lake lili ndi ubweya wosaoneka ndi maso womwe umagwira kampweya kopyapyala, ndipo okosijeni wa m'madzi amalowa m'kampweyako pang'onopang'ono. Nzeru imeneyi imagwira ntchito m'madzi a okosijeni wambiri okha, ndipo sopo akachuluka amaiwononga.

Tsono tsikirani ku ngalande ya m'tauni muone anthu ake a kumeneko. M'matope akuda onunkha mumapezeka timphutsi tofiira ngati magazi, ta banja la Chironomidae. Kufiirako ndi kwa chinthu chofanana ndi chomwe chimafiiritsa magazi athu, ndipo chimathandiza timphutsito kugwira okosijeni ngakhale atatsala wochepetsetsa. Mphutsi za udzudzu sizidalira n'komwe okosijeni wa m'madzi, zimalendewera pamwamba n'kumapuma mpweya wa kunja. Pali mphutsi ina yonenepa ya banja la Syrphidae yokhala ndi mchira wautali ngati wa khoswe. Mchirawo ndi paipi yopumira, ndipo ndi paipi imeneyo imakhala mwamtendere m'madzi ochokera m'zimbudzi. Onjezanipo nyongolotsi, misundu ndi nkhono zina zolimba mtima, ndiye mwamaliza kalembera wa m'madzi oipa.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Madzi oipa sakhala opanda zamoyo. Nthawi zambiri amakhala ndi tizilombo tambirimbiri kuposa madzi abwino, chifukwa chakudya n'chochuluka ndipo adani anafa. Mukhoza kuvuula matope odzaza dzanja n'kupeza timphutsi tofiira mazanamazana. Kusiyana kwake n'kwakuti tonseto ndi mtundu umodzi kapena iwiri. Mtsinje wathanzi uli ngati msika wa tsiku la msika: wogulitsa tomato, wosoka nsapato, wometa, wokonza njinga, aliyense ndi ntchito yake. Mumtsinjemo muli opala ndere pamiyala, otola tinyenyeswa, osefa madzi, odula masamba ogwa m'mitengo, ndi alenje odya anzawo. M'mitsinje yambiri ya kuno ku Africa ntchito yodula masamba imagwiridwa kwambiri ndi nkhanu, pomwe ku Ulaya imagwiridwa ndi tizilombo. Funso la wofufuza silikhala lakuti muli tingati, koma lakuti ndani amayenera kupezeka pano koma palibe.

Botolo limanena za mphindi imodzi

Wina angafunse kuti, nanga bwanji osangotunga madzi m'botolo n'kukayeza ku labotale? Kuyeza kumeneko n'kofunika ndipo palibe chomwe chingalowe m'malo mwake. Koma botolo limanena za mphindi yomwe munatunga basi. Tiyerekeze kuti mlimi wapopera cypermethrin m'dimba la tomato kapena m'chimanga chogwidwa ndi ntchemberezandonda, ndipo madzulo watsukira sipuleya yake mumtsinje. Pofika m'mawa mankhwalawo apita kale kumunsi. Woyeza akafika Lachitatu adzatunga madzi oyera mbee, labotale n'kunena kuti zonse zili bwino. Koma mankhwala a gulu limeneli amapha tizilombo ta m'madzi ngakhale atakhala ochepa kwambiri, ndipo pansi pa miyala padzakhala pali zii kwa milungu kapena miyezi. Mwala umakumbukira zomwe madzi aiwala. Mankhwala a m'gulu lomweli ndi omwe amanyikidwa m'maneti a udzudzu, ndiye muganize zomwe zimachitika neti yatsopano ikachapidwa mumtsinje kapena ikasanduka ukonde wogwirira matemba. Katupe nayenso sasankha: wothira amafuna nsomba, koma pansi pamatsala manda a tizilombo tomwe nsombazo zimadya.

Nzeru yowerenga madzi kudzera m'zamoyo si yatsopano. Ku Germany, akatswiri awiri, Kolkwitz ndi Marsson, anaiyala m'zaka za 1908 ndi 1909 poona momwe zamoyo zimasinthira kumunsi kwa malo otayira zonyansa. Ku Britain anadzakonza njira yopereka mapointi yotchedwa BMWP. Koma muyezo wa ku Ulaya sungangotengedwa n'kuikidwa pa Likhubula. Chitsanzo chake ndi stonefly: ku Ulaya kuli mabanja angapo, pomwe m'chigawo chotentha cha Africa muli mtundu umodzi wokha waukulu, Neoperla. Wobwera ndi buku la ku Ulaya akhoza kuweruza mtsinje wabwinobwino kuti ukudwala chifukwa chosowa tizilombo tomwe sitinakhalepo kuno chiyambire. N'chifukwa chake ku South Africa anakonza njira yawo, SASS, yomwe Mark Chutter anaiyambitsa ndipo Chris Dickens ndi Mark Graham anatulutsa mtundu wake wachisanu, SASS5, m'chaka cha 2002. Mayiko ena anaisintha kuti igwirizane ndi mitsinje yawo: ku Zambia kuli ZISS, ku Tanzania kuli TARISS.

Kachitidwe kake n'kosavuta kufotokoza. Munthu amaima m'madzi atagwira ukonde wa mabowo a milimita imodzi kumunsi kwa mapazi ake, n'kumapondaponda ndi kugudubuza miyala kwa mphindi ziwiri, kuti zonse zomwe zasokonezeka zikokolokere muukondemo. Kenako amasesa ndi ukondewo m'zomera za m'mphepete, n'kuvundulanso mchenga ndi matope. Zomwe wagwira amazikhuthulira m'thireyi yoyera ya madzi pang'ono, n'kukhala pansi kwa mphindi 15 pa chigawo chilichonse akulemba mabanja omwe akuwaona. Banja lililonse lili ndi mapointi kuyambira 1 mpaka 15. Osachedwa kufa amapatsidwa ambiri, opirira amapatsidwa ochepa. Blephariceridae wa pamathithi uja ali ndi 15, Heptageniidae 13, stonefly wa banja la Perlidae 12, nkhanu 3, Chironomidae 2, udzudzu ndi nyongolotsi 1.

Tiyerekeze malo awiri. Pamalo oyamba mwapeza Perlidae (12), Heptageniidae (13), mitundu yoposa iwiri ya mayfly wa banja la Baetidae (12), mayfly wa Leptophlebiidae (9), tikumbu ta Psephenidae (10), Elmidae (8), tombolombo wa Chlorocyphidae (10), ntchentche zakuda za Simuliidae (5), nkhanu (3) ndi Chironomidae (2). Zonse pamodzi ndi 84, mabanja ndi 10, ndiye mukagawa mupeza 8.4 pa banja lililonse. Pamalo achiwiri mwapeza Chironomidae (2), nyongolotsi (1), udzudzu (1), misundu (3), nkhono za Physidae (3) ndi mtundu umodzi wa Baetidae (4). Zonse ndi 14, mabanja 6, ndipo pa banja lililonse ndi 2.3. Nambala yogawayi, yomwe amaitcha ASPT, ndi yomwe ine ndimaikhulupirira kwambiri, chifukwa siidalira kwenikweni kuti munthu anali ndi mwayi wogwira zambiri kapena ayi. Onaninso kuti Chironomidae akupezeka malo onse awiri. Kupezeka kwa wopirira si umboni wa kuipa kwa madzi. Umboni ndi pamene watsala yekha.

Palinso njira yofupikitsa ya ana asukulu ndi anthu wamba, miniSASS, yomwe imagawa zamoyozi m'magulu 13 okha. Zida zake ndi ukonde womwe mungasoke nokha pa waya, beseni loyera, ndi pepala la zithunzi. Ndimaona kuti m'dziko lomwe ma labotale ndi owerengeka ndipo mafuta a galimoto yokatunga madzi ndi nkhani ina, kalabu ya zachilengedwe ya pasukulu ya sekondale yomwe imapita pa mlatho womwewo kawiri pachaka n'kulemba m'kope zomwe yapeza ikhoza kudzakhala ndi mbiri ya mtsinje wawo yomwe ofesi iliyonse ingaisirire.

Kutsika ndi mtsinje

Kuti muone zonsezi ndi maso, Zomba ndi sukulu yabwino chifukwa mtunda wake ndi waufupi. Mtsinje wa Mulunguzi umayambira pamwamba pa phiri, kudutsa mathithi a Williams, kulowa m'damu la Mulunguzi lomwe limamwetsa mzinda wa Zomba kudzera ku Southern Region Water Board, n'kutsika kukakumana ndi Likangala. Likangala amadutsa mumzinda, m'midzi ndi m'minda ya mpunga, mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa. Pa ulendo umenewu mtsinje umakumana ndi pafupifupi chilichonse chomwe chimapha tizilombo ta EPT.

Mdani woyamba, yemwe anthu samuwerengera chifukwa si poizoni, ndi dothi. Mitengo ikadulidwa pamtsetse, kaya ndi ya makala, ya matabwa kapena yapsa ndi moto wa alenje, mvula yoyamba imatsitsira dothi mumtsinje. Kulima mpaka m'mphepete penipeni, kuumba njerwa m'mbali mwa madzi ndi kukumba mchenga zimachita chimodzimodzi. Dothilo likadikha limatseka mipata ya pakati pa miyala, ndipo mipata imeneyo ndiyo nyumba. Limakwirira ndere yomwe opala amadya, limamata tiziwalo topumira, limatseka maukonde a caddisfly. Pali kuyesa kwina kosafuna ngakhale ukonde: tolani mwala pamalo othamanga madzi. Ukazuka mosavuta ndipo kunsi kwake kuli koyera, nyumba zilipo. Ukakhala wokwiririka theka m'matope moti mpaka muugwedeze, eni ake anasamuka kalekale, ngakhale madzi a pamwamba akuoneka oyera m'chilimwe.

Mdani wachiwiri ndi dzuwa. Mikuyu, mbawa, katope ndi nsungwi za m'mphepete mwa mtsinje zimagwira ntchito zingapo nthawi imodzi. Mthunzi wake umasunga madzi ozizira, masamba ake ogwa ndi chakudya, mizu yake imagwira gombe, ndipo nthambi zake ndi pomwe tizilombo totuluka m'madzi timakapuma ndi kukwerana. Mukaidula, madzi amafunda, okosijeni amatsika, ndere yobiriwira yaitali imadzaza pamiyala. Feteleza wokokoloka m'minda amaikuza ndereyo kwambiri. Masana ndere imatulutsa okosijeni wambiri moti woyeza wa masana amabwerera wokondwa, koma usiku imamwa okosijeni yemweyo, ndipo cha m'bandakucha, woyeza ali m'tulo, ndi pomwe stonefly amabanika.

Kenako pamabwera za m'tauni: zimbudzi zosefukira, mapaipi a zonyansa ophulika, zinyalala za kumsika, sopo wa ochapa, mafuta a njinga zamoto za kabaza zotsukidwa pamlatho. Zonyansa zowola sizipha mwachindunji. Zimadyetsa mabakiteriya, mabakiteriyawo n'kuchulukana n'kumaliza okosijeni. Anthu a ku Blantyre safunika kuuzidwa zimenezi, amaudziwa Mudi ndi fungo lake, mtsinje womwe nawo umayambira m'phiri, la Ndirande, lomwe linameteka mpala.

Pali chinanso chomwe sichidetsa madzi koma chimasintha mtsinje, ndicho kupatutsa madziwo. Blantyre Water Board imatenga madzi ku Likhubula kudzera m'mapaipi opita ku Nguludi, ndipo midzi yambiri yozungulira phiri la Mulanje imamwa madzi a m'mipopi yoyenda yokha kuchokera m'mitsinje ya m'phirimo. Madziwo ndi ofunika, palibe angatsutse. Koma kumunsi kwa malo aliwonse opatutsira madzi, m'miyezi ya October ndi November, malo othamanga amachepa, miyala imatuluka kunja, maiwe amafunda. Lamulo la madzi la 2013, lomwe linakhazikitsa National Water Resources Authority, ndi lomwe limayang'anira zilolezo zotengera madzi, ndipo njira imodzi yodziwira ngati omwe atsalira mumtsinje akukwanira ndi yomweyi yotembenuza miyala kumtunda ndi kumunsi kwa paipi. Ubale wake ndi wa mbali ziwiri: madzi omwe stonefly amakhalamo ndi omwenso safuna mankhwala ambiri owayeretsa, pomwe madzi a matope amadya ndalama pa thanki iliyonse.

Zomwe mwala sunena

Tsono ndichenjeze, chifukwa njira iliyonse yosavuta imakopa anthu kuikhulupirira mopitirira. Mapointi ambiri a SASS satanthauza kuti madziwo ndi akumwa. Mayfly sadwala kolera. Munthu mmodzi wodwala akadzithandiza kumtunda, madzi akhoza kukhala ozizira, a okosijeni wambiri, odzaza tizilombo ta mapointi 13, koma n'kukhala ndi majeremusi okwanira kugoneka mudzi. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo palibe mwala womwe ukanachenjeza za iwo. Madzi a mumtsinje, ngakhale a pamwamba pa phiri, ndi ofunika kuwiritsa kapena kuthira klorini. Tizilombo timanena za thanzi la mtsinje, osati za chitetezo cha m'mimba mwanu. Sitinenanso dzina la chomwe chawononga. Timangoloza kuti pakati pa mlatho uwu ndi uwo pachitika kanthu, ndipo kuchokera apo ndi ntchito ya labotale ndi ya miyendo, kuyenda m'mphepete kufunafuna gwero.

Si tizilombo tonse ta m'madzi othamanga tomwe ndi abwenzi. Pamiyala ndi pamasamba olendewera m'madzi othamanga mumapezeka timphutsi tooneka ngati timabotolo, titaima ndi kumatako, tikusefa madzi ndi tizikupizo tiwiri ta kumutu. Ndi ana a Simulium, ntchentche zakuda zing'onozing'ono zoluma masana. Anthu a ku Thyolo, Mulanje, Mwanza ndi Neno amazidziwa bwino, chifukwa zimafalitsa matenda a onchocerciasis, omwe amayambitsa kuyabwa kosaneneka, kuwononga khungu, ndipo nthawi zina maso. Mtundu womwe umafalitsa kwambiri kumeneko unatchedwa ndi dzina la boma la Thyolo, Simulium thyolense, ndipo ndi chifukwa chake anthu a m'maboma amenewa akhala akulandira mapiritsi a ivermectin chaka ndi chaka. Mitundu ina ya Simulium ili ndi khalidwe lodabwitsa: mphutsi zake zimamatirira pa nkhanu ya mumtsinje n'kumayenda nayo. Pa SASS banja lake, Simuliidae, lili ndi mapointi 5 okha, pakatikati, chifukwa limafuna madzi othamanga koma silidana ndi tinyenyeswa ta zowola, ndiye chakudya chake. Mtsinje ukadetsedwa pang'ono n'kutaya alenje ake, Simulium ndi mmodzi mwa omwe amapindula.

Palinso malo omwe ndi osauka mwachibadwa. Timitsinje ta pamwamba penipeni pa Mulanje timayenda pa thanthwe losalala, madzi ake ali ndi michere yochepa kwambiri, ndipo tina timaphwa m'chilimwe. Pamalo otere mukhoza kupeza mabanja ochepa popanda munthu aliyense kulakwa. N'chifukwa chake mtsinje umayerekezedwa ndi unzake wofanana nawo kutalika, miyala ndi nyengo, osati Lichenya ndi Shire. Nsomba za trout zomwe atsamunda anabweretsa m'mitsinje ya ku Zomba, Mulanje ndi Nyika nazonso zimasokoneza chiwerengero, chifukwa chakudya chake chachikulu ndi tizilombo tomweti. Nyengo nayo ili ndi mawu: kuyeza mtsinje utangosefukira mu February n'kuyerekeza ndi zomwe munapeza mu July ndi kudzinamiza.

Kusefukira kumatifikitsa ku namondwe wa Freddy. Mu March 2023 mapiri a ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre anagumuka, miyala yaikulu ngati nyumba inatsika ndi madzi, midzi inakwiririka, anthu oposa 1,000 anamwalira. Makwawa ena anakokoloka mpaka pathanthwe, ena anasintha njira. Pamalo otere pansi pa mtsinje pamatsala popanda kanthu. Koma tizilombo ta m'mitsinje ya m'mapiri takhala tikukumana ndi zigumula kuyambira kale, ndipo tili ndi njira ziwiri zobwererera. Yoyamba ndi kuyandama: usiku uliwonse ana a mayfly ndi anzawo amadzimasula pamiyala n'kutengeka ndi madzi kamtunda pang'ono, moti malo opanda kanthu amalandira alendo ochokera kumtunda. Yachiwiri ndi mapiko: akuluakulu amauluka kuchokera ku timitsinje toyandikana n'kudzaikira mazira. Oyamba kufika amakhala Chironomidae, Simuliidae ndi Baetidae, omwe moyo wawo ndi waufupi ndipo amaswana msanga. Stonefly ndi caddisfly omanga nyumba amachedwa. Njira zonse ziwirizi zimadalira chinthu chimodzi, kuti kumtunda kapena kutsidya kwa chitunda kukhale kamtsinje komwe sikanawonongeke. Chigumula chimabwera n'kupita, mtsinje n'kuchira. Dothi lotsika chaka chilichonse kuchokera pamtsetse wopanda mitengo silipereka mpata umenewo.

Ndipo pali ena omwe alibe kwina kochokera. Pamwamba pa Mulanje pali tombolombo wamng'ono wowonda, wamphongo wake wofiira, yemwe Elliot Pinhey, katswiri wa tizilombo wa ku nyumba yosungira zakale ya ku Bulawayo, anamulemba m'mabuku a sayansi m'chaka cha 1971 n'kumutcha Oreocnemis phoenix. Sapezeka ku Zomba, sapezeka ku Nyika, sapezeka kwina kulikonse padziko lapansi, monganso mkungudza wa m'phirimo sumera wokha kwina kulikonse. Ana ake amakulira m'timitsinje tozizira ta m'madambo a pamwamba pa phiri. Phirili lakhala nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Pansi pa udzu wa ku Lichenya, m'dera lomwe timitsinje timeneti timayambira, pali miyala ya bauxite, yopangira aluminiyamu, yomwe makampani a migodi akhala akuiyang'ana kwa zaka zambiri, ndipo bauxite amakumbidwa pochotsa dothi lonse la pamwamba.